MAFUTA A UBWEYA WA NKHOSA: NTCHITO YAKE, MTENGO WAKE NDI KUOPSA KWAKE

Nkhani iyi inakambidwa pa wailesi ndi Mlangizi wa Malimidwe wa m'boma la Dedza, ndipo taisindikiza pano chifukwa cha iwo amene sanathe kuimva.

 Masiku onse ine ndimakamba nanu za mbewu, za manyowa ndi za ziweto. Koma usiku uno ndifuna tisiye mbewu pang'ono, tikambe za mlimi mwini wake, makamaka manja ake ndi mapazi ake, pakuti khasu silidzilimira lokha.

Tsiku lina tili pamsonkhano wa alimi a mbatatesi kufupi ndi Bembeke, mayi wina anamasula mfundo ya chitenje chake natulutsa kachubu kakang'ono ka mafuta. Anati kanachokera kwa mwana wake amene agwira ntchito ku Johannesburg, ndipo pakachubupo panalembedwa dzina lakuti Lanolin. Mwanayo anamuuza kuti mafutawo ndi a nkhosa, ndi kuti ndi okwera mtengo. Tsono mayiyo anandifunsa mafunso atatu. Kodi mafuta amenewa ndi otani? Kodi akatha ndiyenera kugulitsa nkhuku kuti ndigule ena? Nanga popeza ine ndili nazo nkhosa m'khola, kodi sindingapange ndekha? Mafunso amenewa ndi abwino, ndipo ndinalonjeza kuti ndidzawayankha pamaso pa inu nonse.

CHIFUKWA CHAKE KHUNGU LISWEKA KWATHU KUNO

Poyamba tiyeni tione nthenda tisanaone mankhwala. Monga mudziwa, Dedza ndi dziko lokwera. Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo nsonga ya phiri la Dedza ifika mamita 2,198. Chifukwa chake miyezi ya Juni ndi Julayi kuno kuzizira kopambana madera ambiri a dziko lino, ndipo mphepo ya mwera ikayamba kuomba iumitsa zonse, udzu, nthaka ndi khungu la munthu lomwe.

Khungu lathu lili ngati nthaka ya m'dambo. Likakhala ndi chinyezi lifewa, koma likauma lichita ming'alu. Thupi lili nawo mafuta ake amene asunga madzi m'khungu, koma sopo, phulusa, feteleza, fumbi ndi madzi ozizira zichotsa mafuta amenewa. Taonani tsono ntchito ya mlimi wa dimba m'nyengo yachisanu. M'mamawa aponda m'madzi potunga othirira, masana ayenda pafumbi, madzulo asamba ndi sopo wochapira naotha moto. Kunyowa ndi kuuma, kunyowa ndi kuuma, tsiku ndi tsiku. Khungu la kuchidendene ndi lokhuthala, ndipo likauma silitambasuka. Munthu akaponda, ling'ambika. Amenewa ndiwo mang'a.

Ena ayesa mang'a chinthu chongoseketsa. Iyayi, abale anga. Ine ndaona mlimi wamphamvu atakhala pakhonde sabata yathunthu, kabichi wake alikufota, chifukwa mng'alu wa kuchidendene unafika pamnofu nuyamba kutukusira. Ndiponso mng'alu wotero ndi khomo lolowera tizilombo ta m'dothi ndi m'ndowe, ngakhale tija ta kafumbata.

KODI LANOLIN N'CHIYANI?

Nkhosa zaubweya wambiri zili ndi mafuta amene atuluka m'khungu mwake napaka ubweya wonse, kuti mvula ikagwa madzi angotsetsereka osafika pathupi. Mafuta amenewa ndiwo lanolin. Mvetsani bwino apa: sachokera m'nyama ya nkhosa, ndipo nkhosa siiphedwa kuti apezeke. Nkhosa imetedwa, ubweyawo utsukidwa m'madzi otentha ndi sopo, ndipo madzi otsukirawo alowa m'makina ozungulira mwamphamvu amene alekanitsa mafuta ndi madzi. Pambuyo pake mafutawo ayengedwa kangapo kuchotsa litsiro, fungo ndi mankhwala. Pa makilogalamu 100 a ubweya wongometedwa kumene, mafuta akhoza kukhala makilogalamu 5 kufikira 25, monga mwa mtundu wa nkhosa.

Kunena zoona, lanolin afanana kwambiri ndi phula la njuchi kusiyana ndi mafuta ophikira. Ndi wachikasu, womata, ndipo asungunuka pa kutentha kwa madigiri 38 kufikira 44, ndiko kupitirira pang'ono kutentha kwa thupi la munthu. Ukulu wake ndi uwu: mafuta ena onse akana madzi, koma lanolin atha kumwa madzi olemera kawiri kuposa iye mwini ndi kuwasunga. Chotero akapakidwa pakhungu aletsa chinyezi kuthawa, nalowerera m'khungu louma ndi kulifewetsa.

Mafuta amenewa si achilendo padziko lapansi. Sing'anga wa Chigiriki dzina lake Dioscorides analemba za mafuta a ubweya zaka pafupifupi 2,000 zapitazo. Koma njira yowayenga bwino inapezeka ku Germany m'chaka cha 1882, ndi anthu awiri, Otto Braun ndi Oscar Liebreich, ndipo dzina lakuti lanolin lichokera ku mawu awiri a Chilatini otanthauza ubweya ndi mafuta. Mafuta odzola a Nivea, amene anayamba kugulitsidwa ku Hamburg mu 1911, anapangidwa ndi chinthu chotengedwa m'mafuta a ubweya omwewa. Ngakhale Vitamini D wambiri wa m'mapiritsi apangidwa kuchokera ku lanolin.

KODI TINGAPANGE TOKHA?

Yankho ndi lakuti iyayi, ndipo zifukwa zake ndi zitatu.

Choyamba, nkhosa zathu si zaubweya. Nkhosa imene ipatsa ubweya ndi mafuta ambiri ndi ya mtundu wa Merino, yowetedwa kwambiri ku Australia, ku South Africa ndi ku Lesotho. Nkhosa imodzi yotere ikametedwa ipatsa mafuta ongokwana kapu imodzi. Koma nkhosa zathu zachikuda, zamchira wonona zija, zili ndi cheya chachifupi chonga cha mbuzi. Ngakhale za mtundu wa Dorper, zimene zinayambira ku South Africa m'zaka za m'ma 1930, ndi nkhosa za nyama, ndipo ubweya wake wochepawo uthothoka wokha.

Chachiwiri, mafuta a kumchira kwa nkhosa si lanolin. Amenewo ndi mafuta a nyama, abwino mumphika. Mukawasunga m'chitini kuti muzidzola, ayamba kununkha ndi kuitana ntchentche ndi nyerere.

Chachitatu, ndicho chachikulu, ubweya wosayengedwa uli ndi zoopsa. Mankhwala a dipi amene tiphera nkhupakupa akonda kukhala m'mafuta a ubweya, ndipo kuwiritsa mumphika sikuwachotsa. Ubweya ndi zikopa za nyama yodwala zikhozanso kupatsa munthu nthenda yoopsa ya anthrax, imene kale ku England inkapha anthu ogwira ntchito yosankha ubweya. Chotero musayese kudzipangira.

NTCHITO ZAKE

Ntchito yoyamba ndi ya mang'a ndi manja okhakhala. Chitani motere. Madzulo ntchito itatha, viikani mapazi m'madzi ofunda kanthawi pang'ono. Kwechani zidendene ndi mwala wosalala, pang'onopang'ono, osafika potulutsa magazi, ndipo musadule khungu ndi lezala. Pukutani, koma khungu lisanaumiretu tengani mafuta ochepa, onga njere ya mtedza pa chidendene chilichonse. Kuno kozizira lanolin alimba, tsono yambani mwamfewetsa pakati pa zala, kenaka tikitani mpaka alowe. Valani sokosi zoyera ndi kugona nazo. Chitani chimenechi usiku uliwonse, ndipo ming'alu ikatsekeka musalekeretu mpaka chisanu chitatha. Kupaka mafuta pa phazi lafumbi ndi kutaya ndalama chabe.

Ntchito yachiwiri ndi ya milomo yosweka ndi mphepo. Apa pafunika wochepetsetsa, ndipo akhale woyengedwa bwino.

Ntchito yachitatu ikhudza amayi oyamwitsa. Kachubu kaja ka mayi wa ku Bembeke kanali ka mtundu umenewu, lanolin woyengetsetsa wopangira nsonga za mawere zikasweka. Ine sindine namwino, koma ndikuuzeni chimene anamwino aphunzitsa: kawirikawiri nsonga isweka chifukwa mwana sagwira bere bwino, ndipo mafuta sakonza chimenecho. Mu 2014 akatswiri a bungwe la Cochrane anasonkhanitsa zofufuza za nkhaniyi, ndipo sanapeze umboni wokwanira wakuti lanolin apambana kupaka dontho la mkaka wa mayi mwini. Mkakawo ndi waulere. Tsono inu amayi, bere likapweteka yambani mwapita kusikelo kuti akuonetseni kagwiridwe ka mwana, ndipo musaleke kuyamwitsa.

Ntchito yachinayi ndiyo ya ife a ziweto. Inu amene muli ndi ng'ombe zamkaka mudziwa kuti m'chisanu mawere a ng'ombe asweka monga zidendene zanu. Ng'ombe yomva ululu iponda chidebe ndi kubisa mkaka, ndipo mkaka wotsalira m'bere pamodzi ndi tizilombo tolowera m'ming'alu zibweretsa nthenda yotupitsa bere. Zikatero mkaka wanu ukanidwa kumalo osonkhanitsira mkaka, ndipo mwataya ndalama za masiku ambiri. Mafuta ena okamira ali ndi lanolin m'kati mwake. Pakani pang'ono mukatha kukama, ndipo pokamanso yambani mwatsuka mawere ndi madzi ofunda ndi kupukuta ndi nsalu yoyera, ng'ombe iliyonse nsalu yake. Potapa mafuta m'chitini gwiritsani ntchito kasupuni koyera, osati zala zimene zagwira kale bere, kuopa kusandutsa chitini kukhala nkhokwe ya matenda. Koma bere likatupa, likatentha, kapena mkaka ukatuluka ndi zibuluma, mafuta sathandiza; itanani Mlangizi wa Ziweto tsiku lomwelo.

Lanolin atetezanso zitsulo ku dzimbiri ndi kufewetsa zingwe zachikopa. Koma musawononge mafuta odula pa khasu ndi pulawo; kumeneko oilo wakutha wa galimoto akwanira. Oilo ameneyo ndi girisi zikhale za zitsulo zokha. Ndaona anyamata ena alikupaka zimenezi m'mang'a. Lekani, pakuti muli poizoni.

MTENGO WAKE

Tsopano tifike pa funso la nkhuku lija. Sinditchula mtengo wa lero pa wailesi, popeza mitengo isintha mwezi ndi mwezi, ndipo nkhani ino ikadzasindikizidwa udzakhala utasintha kale. Koma ndikuuzani chifukwa chake ndi wokwera, ndi njira yoyesera mtengo nokha.

Lanolin yense amene muona m'sitolo achokera kunja. Maiko a ubweya wambiri ndi China, Australia ndi New Zealand, ndipo katundu wodzola wambiri afika kuno kudzera ku South Africa. Agulidwa ndi ndalama zakunja, alipira ulendo, alipira msonkho. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi magawo 25 pa 100 mu Meyi 2022, ndiponso ndi magawo 44 pa 100 mu Novembala 2023, zinthu zonse zotere zinakwera mtengo. Onjezanipo kuyenga: lanolin akayengedwa kwambiri, mtengo wake ukweranso.

M'masitolo mudzapeza mitundu itatu. Woyamba ndi lanolin weniweni wosasakaniza, m'timachubu tating'ono, wopezeka makamaka m'masitolo a mankhwala a m'mizinda monga Lilongwe ndi Blantyre. Ameneyu ndiye wodula kopambana. Wachiwiri ndi mafuta olimba osakaniza lanolin ndi vaselini, a mtengo wapakati. Wachitatu ndi mafuta amadzimadzi a m'mabotolo aakulu, amene dzina la lanolin lilembedwa ndi zilembo zazikulu kutsogolo, koma m'kati mwake ambiri ndi madzi ndi zonunkhiritsa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tembenuzani botolo muwerenge kumbuyo. Kawirikawiri zosakaniza zilembedwa mwa ndondomeko, chochuluka poyamba, chochepa pomalizira. Mukaona dzina lakuti Lanolin lili kumapeto kwa mndandanda, dziwani kuti alimo wochepa.

Poyesa mtengo musayang'ane ndalama zokha, yang'anani kulemera kolembedwa pabotolo. Tiyerekeze kuti kachubu ka magalamu 40 ndi botolo la magalamu 250 zili pa mtengo umodzi. Ndiye kuti galamu limodzi la m'kachubu ndi lodula kopitirira pang'ono kasanu ndi kamodzi kuposa la m'botolo. Mwana wa sukulu wa Sitandade 6 akhoza kukuchitirani samu imeneyi.

Tsono kodi mugulitse nkhuku? Ine nditi iyayi. Vaselini wamba, amene Robert Chesebrough anamlembetsa ku America mu 1872, atseka chinyezi m'khungu bwino lomwe, sayabwitsa anthu kawirikawiri, ndipo apezeka m'golosale iliyonse kuyambira ku Linthipe mpaka ku Lizulu pa mtengo wotsika kwambiri. Makolo athu anadzola mafuta a nsatsi zaka zosawerengeka, ndipo afewetsa khungu mpaka lero. Koma njere za nsatsi ndi chiphe chake ndi poizoni, zisungeni kutali ndi ana ndi ziweto. Ngati muli naye lanolin, msungireni malo ovuta okha, zidendene ndi nsonga za zala, ndipo thupi lonse dzolani otsika mtengo. Ngati ndalama zili zochepa ndipo muyenera kusankha, gulani majombo ovala kudimba. Majombo aletsa mang'a asanabadwe.

KUOPSA KWAKE

Anthu ambiri a khungu labwino adzola lanolin zaka ndi zaka osaona vuto. Koma alipo ena ochepa amene thupi lawo limkana. Chizindikiro chake ndi kuyabwa, kutentha, nsungu, kutupa, kapena timatuza totuluka madzi pamalo pamene anapaka. Chovuta n'chakuti zimenezi siziyamba nthawi yomweyo. Zioneka patapita tsiku limodzi, awiri kapena atatu. Chotero munthu aganiza kuti nthenda yake ilikukula, naonjezera mafuta omwe alikumpwetekawo.

Amene agwidwa kwambiri ndi vuto limeneli ndi iwo a khungu lodwala kale: anthu a zilonda zosapola za kumiyendo, ndi ana kapena akulu a nthenda yoyabwa imene madokotala aitcha eczema. Nkhaniyi si yaing'ono, pakuti mu 2023 bungwe la madokotala a khungu ku America lotchedwa American Contact Dermatitis Society linasankha lanolin kukhala chinthu chofunika kuchenjeza nacho anthu m'chaka chimenecho.

Chifukwa chake yesani musanadzole. Pakani pang'ono m'kati mwa mkono pafupi ndi chigongono, m'mawa ndi madzulo, kwa masiku angapo kufikira sabata. Pakapanda kuoneka kanthu, dzolani. Pakayabwa kapena kuchita nsungu, sambani ndi madzi ndi sopo, lekani, ndipo zikapitirira pitani kuchipatala mutanyamula botololo. Kuyambira tsiku limenelo werengani botolo lililonse musanagule, pakuti mafutawa ali ndi maina ena: Wool Fat, Wool Wax, Wool Alcohols, Lanolin Alcohol ndi Adeps Lanae. Nkhope, milomo kapena lilime zikatupa, kapena kupuma kukavuta, musadikire m'mawa, thamangirani kuchipatala.

Dziwaninso zimene lanolin sachita. Sapha tizilombo. Sachiritsa chipere, mphere, kapena kutumbuluka kwa pakati pa zala zakumapazi. Malo onyowa amenewo safuna mafuta konse. Sayeretsa khungu. Musapake pa bala lakuya, pa chilonda cha mafinya, pamene mwapsa kwambiri ndi moto, kapena pamene yaluma nyama. Achinyamata a nkhope yamafuta akapaka kumaso ena atuluka ziphuphu. Musalole ana kumnyambita m'botolo, ndipo asalowe m'maso.

Mawu apadera kwa inu amene mudwala matenda a shuga. Mapazi anu akhoza kuchita dzanzi kotero kuti simumva bala, ndipo kabala kakang'ono katha kukula mpaka kudulitsa mwendo. Kudzola mapazi n'kwabwino kwa inu, koma mng'alu ukatseguka musadzichiritse nokha kunyumba. Pitani ku chipatala chaching'ono chapafupi kapena ku Chipatala cha Boma cha Dedza.

Potsiriza, chenjerani ndi mafuta ogulitsidwa m'timabotolo topanda dzina la wopanga ndi tsiku lothera mphamvu. Ife tili m'malire, ndipo katundu alowa ndi njira zambiri. Boma lili ndi mabungwe oyang'anira zimenezi, Malawi Bureau of Standards ndi Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, koma sangaime pa benchi iliyonse ya msika. Maso anu ndiwo mlonda woyamba. Lanolin wopangira zikopa ndi makina sanayengedwe mofanana ndi wodzola, ndipo sayenera kufika pa bere la mayi kapena pamilomo ya mwana.

ZOTI MUKUMBUKIRE

1. Lanolin ndi mafuta a ubweya wa nkhosa zakunja. Mchira wa nkhosa yanu sungakupatseni.
2. Tsukani khungu poyamba, ndipo pakani wochepa likali ndi chinyezi.
3. Yesani pamkono musanadzole, makamaka ngati khungu lanu lidwaladwala.
4. Bala lotseguka, bere lotupa la mayi kapena la ng'ombe, zonsezi zifuna odziwa, osati mafuta.
5. Werengani kumbuyo kwa botolo, ndipo yesani mtengo ndi kulemera kwake.
6. Mukasowa lanolin, vaselini ndi majombo zidzakufikitsani ku Ogasiti.

Mayi wa ku Bembeke uja anachita bwino pofunsa, pakuti akuluakulu anati safunsa anadya phula. Nkhuku zake zikali m'khola, ndipo kachubu kaja akapakira kuzidendene kokha. Inunso mukakhala ndi funso, fikani kwa Mlangizi wa m'dera lanu, kaya ku Bembeke, ku Lobi, ku Mayani kapena ku Kanyama; za thupi la munthu funsani Alangizi a Zaumoyo. Sabata yamawa nthawi yonga ino tidzakamba za kasungidwe ka mbewu ya mbatatesi.